Makina oswera mazira: thermostat ikavuta musathamangire kugula ina

Alimi anzanga, sabata ino ndati tikambirane za kachipangizo kakang'ono kamene kamasunga moyo wa anapiye m'makina oswera mazira. Dzina lake ndi thermostat. Ambiri a ife tili ndi makina opangidwa konkuno: bokosi la matabwa kapena firiji yakale, mababu awiri a galimoto, kafani, batire ya sola ndi thermostat ya manambala ofiira yotchedwa W1209. Makinawa akangovuta, tonse chala chimaloza thermostat. Inenso ndinatero, ndipo ndinaluza kawiri.

Zimene zinandionekera

Munali m'mwezi wa June, kukuzizira. Ndinaika mazira 60 a nkhuku za Mikolongwe, ndipo 20 mwa mazirawo anali a mayi ena a m'mudzi mwathu amene anandikhulupirira kuti ndiwaswetsere. Masiku onse manambala ankaonetsa 37.5, ine mtima uli m'malo. Tsiku la 21 linafika, m'bokosi muli zii. Pa tsiku la 23 m'pamene anaswa anapiye 9 okha, ofooka, ena michombo isanatseke. Ndinagula thermostat yatsopano n'kuikanso mazira ena, koma zotsatira zinali zomwezo.

Apa ndinamanga bokosi pa njinga kupita nalo kwa mkulu wina wokonza mawailesi pamsika pathu. Atasuzumira m'kati anandifunsa kuti, "Bambo, kodi mazira mumaika pa msomali apa?" Pa msomaliwo, pafupi ndi babu, m'pamene ndinkakoleka sensa. Sensa inkamva moto wa babu, thermostat n'kumathimitsa msanga, mazira ali pansi akuzizidwa. Thermostat zonse ziwiri zinalibe vuto.

Thermostat imagwira ntchito bwanji?

Mkuluyo anandiphunzitsa kuti thermostat ndi swichi chabe. Ili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi sensa, kachitsulo ka kumapeto kwa waya kamene kamamva kutentha. Chachiwiri ndi kabolodi kamene kamayerekeza kutenthako ndi nambala imene mwaika. Chachitatu ndi relay, kabokosi kamene kamalira "tiki" poyatsa kapena pothimitsa mababu. Thermostat payokha sitenthetsa, ndipo sidziwa za mazira anu. Imangokhulupirira zimene sensa yaiuza.

Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21. M'makina okhala ndi fani pamafunika madigiri 37.5. M'makina opanda fani pamafunika madigiri 38 mpaka 39, kuyezera pamwamba pa mazira. Anapiye akaswa mochedwa, kawirikawiri ndiye kuti kutentha kunachepa. Akaswa tsiku la 21 lisanakwane, kutentha kunapitirira pang'ono.

Mukakayika makina anu, tsatirani njira izi mwa ndondomeko yake.

1. Yezani kutentha ndi choyezera china

Musakhulupirire manambala a thermostat okha. Gulani choyezera kutentha kwa thupi, chonga cha kuchipatala, chifukwa chimayeza bwino pakati pa madigiri 35 ndi 42. Thirani madzi ofunda m'kapu, vundulani, ndipo muviikemo nsonga ya sensa pamodzi ndi choyezeracho. Zikasiyana, lembani kusiyanako. Kenaka bwezerani sensa m'bokosi, ikani kapu ya madzi pa thireyi ya mazira, tsekani, ndipo pakapita maola atatu kapena anayi muyeze madziwo. Nambala imeneyo ndiyo ikuuzeni kutentha kumene mazira akumva.

2. Onani pamene pali sensa

Sensa ikhale pakati pa thireyi, molingana ndi pamwamba pa mazira. Isayandikire babu, isakhudze thabwa la m'mbali, ndipo isakhale pa bowo lolowera mpweya. Imangeni ndi kawaya kuti isasunthe mukamatembenuza mazira. Onaninso ngati fani ikuzungulira. Fani ikaima, mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndipo mbali ina ya bokosi imatentha ina ikuzizira.

3. Onani batire, fyuzi ndi mawaya

Ngati manambala sakuyaka n'komwe, yambirani ku batire. Batire yodzaza bwino, itapuma, imaonetsa mavolti 12.6 pa mita yoyezera magetsi. Mababu awiri a mawati 21 amakoka ma ampu 3.5, choncho batire yotopa imafika m'bandakucha itatheratu, nthawi imene kunja kumazizira kwambiri. Chizindikiro chake n'chakuti manambala amaphethira ndipo relay imalira tikitiki osagwira. Ngati makina amavuta usiku okha koma masana ali bwino, vuto ndi batire kapena sola, osati thermostat. Onani fyuzi, palani dzimbiri pa mitu ya batire, ndipo kokani pang'ono waya aliyense pa masikuluwu anayi a thermostat. Waya wokhwepa amagwira n'kusiya, ndipo wanamizira thermostat zambiri.

4. Lumikizani K0 ndi K1

Njira iyi ndiyo imagamula mlandu. Pa W1209 pali malo awiri olembedwa K0 ndi K1, pamene magetsi opita ku mababu amadzera. Tengani kawaya kakafupi n'kukhudzitsa malo awiriwo kwa kanthawi. Mukatero mwailambalala thermostat. Mababu akapanda kuyaka, vuto lili ku mababu, ku zotengera mababu kapena ku mawaya, ndipo thermostat yatsopano singathandize. Mababu akayaka, ndiye kuti mbali imeneyo ili bwino, tsono fufuzani za m'munsizi. Musaiwale kuchotsa kawayako, chifukwa mukakasiya mababu sathima ndipo mazira apsa.

5. Onani mmene thermostat inatcheredwa

Dinani batani la SET kwa masekondi angapo mpaka muone P0. Pamenepa payenera kukhala H, kutanthauza kutenthetsa. Thermostat zambiri zimabwera zili pa C, kutanthauza kuziziritsa ngati firiji. Ikakhala pa C imachita zosemphana: kukazizira siyatsa mababu, kukatentha siwathimitsa. P1 ndi mpata wa pakati pa kuthimitsa ndi kuyatsanso. Nthawi zambiri imabwera ili pa madigiri 2, mpata waukulu kwambiri kwa mazira. Itsitseni ifike 0.3 kapena 0.5. P4 ndi yokonzera kunama kwa sensa. Ngati m'kapu muja choyezera cha kuchipatala chinati 38.0 pamene thermostat inati 37.4, ikani 0.6 pa P4 ndipo muyezenso. Ana amakonda mabatani, choncho muziona manambalawa kawirikawiri.

6. Yesani sensa

Fumbatani sensa m'manja. Manambala ayenera kusintha pang'onopang'ono kulowera ku kutentha kwa thupi lanu. Akamalumphalumpha, kapena pakaoneka zilembo monga LLL m'malo mwa manambala, sensa yazuka kapena waya wake waduka, mwina makoswe atafuna. Ngati muli ndi mita, zulani sensa muiyeze. Yabwino imaonetsa ma ohm pafupifupi 10,000 kunja kukakhala madigiri 25, ndipo nambalayo imatsika mukaifunditsa. Sensa imagulidwa payokha, pa mtengo wotsika kuposa thermostat yonse.

7. Mvetserani relay

Pa bolodi pali kanyali kakang'ono kamene kamayaka thermostat ikalamula kuti mababu ayake. Kanyaliko kakayaka, relay n'kulira, koma mababu osayaka, pamene ndi kawaya kaja anayaka, ndiye kuti m'kati mwa relay mwapsa. Kanyali kakathima koma mababu n'kumayakabe, relay yamatirira. Ili ndilo vuto loopsa kuposa onse, chifukwa kutentha kukafika madigiri 41 n'kukhala maola angapo, anapiye amafera m'mazira. Zulani mababu nthawi yomweyo. Apa m'pamene muyenera kugula thermostat ina, kapena kupempha wokonza mawailesi kuti asinthe relay.

Mazira ali kale m'kati, nditani?

Musataye mtima. Mazira amapirira kuzizidwa kwa maola ochepa kusiyana ndi kupsa. Tsekani chitseko, fundikani bokosi ndi bulangete koma osatseka mabowo onse a mpweya. Ikani mabotolo a madzi otentha okulungidwa m'nsalu, osakhudza mazira, ndipo muziyeza pafupipafupi. Ngati pali thadzi lofungatira, lipatseni ena mwa mazirawo. Pakapita masiku awiri kapena atatu, unikani mazira ndi tochi mumdima kuti muone amoyo.

Chenjezo

Zonse ndanenazi ndi za makina a batire ya mavolti 12. Ngati mababu anu amayendera magetsi a m'nyumba a mavolti 230, musakhudze K0 ndi K1 ndi kawaya, ngakhale thermostat itakhala yomweyi. Magetsi amenewo amapha. Zulani pulagi ndipo muitane wodziwa za magetsi.

Nditasuntha sensa ndi kukonza P1, ndinayendetsa makina opanda mazira usana ndi usiku wathunthu, ndikulemba kutentha m'kope m'mawa, masana, madzulo ndi m'bandakucha. Ulendo wachitatu anaswa anapiye 47 pa mazira 60, ndipo 20 oyamba ndinakapereka kwa mayi aja ndi chipepeso. Thermostat yakale ija ndinaisunga m'kachitini kuti idzandithandize inayo ikadzafa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanaike mazira, anu kapena a eni, yendetsani makina maola 24, yezani ndi choyezera chachiwiri, ndipo mulembe zimene mwapeza.