Musasiye chiwongolero ndege ikagunda pansi

Zozungulira bwalo kuti muone ngati pali njiri kapena nswala mumazidziwa kale, za mphepo nazonso. Ine ndatopa ndi kuona gudumu lakutsogolo likupindika m'mabwalo a dothi a chigwa cha Luangwa, kuyambira kuno ku Chama mpaka cha ku Mfuwe, pomwe vuto linayambira kumchira.

Musanakwere, kayang'aneni mchirawo. Wa Cessna 172 ndi 206 uli m'munsi, momwe mumadutsa mphepo ya pulopela. Mukangodula mphamvu ya injini mphepoyo imachepa, mphuno n'kuyamba kulemera. Piper Tomahawk ndi Arrow IV mchira wake uli pamwamba ngati chilembo T, kutali ndi mphepoyo. Umadalira liwiro lokha, ndiye likatsika muyenera kukoka chiwongolero kwambiri kuposa mmene munazolowerera pa Cessna. Ngati mwakhala awiri kutsogolo, kumbuyo kulibe katundu, mchira ukhala ndi ntchito yaikulu koposa. Konzani trim mukadali m'mwamba.

Tsono apa m'pamene ambiri amalakwa. Magudumu akumbuyo akagunda pansi, munthu amapumira m'mwamba n'kumasula manja, ati wafika. Sanafike! Pitirizani kukokera chiwongolero kumimba kwanu pang'onopang'ono, mphuno itsike yokha liwiro likatha. Pa mchira wa T musachedwe kukoka, chifukwa mphamvu yake imatha msanga, mphuno n'kugwa ngati thumba la mpunga.

Mu October, kutentha kwa chigwa kumapepukitsa mpweya, ndege imathamanga kwambiri pansi, bwalo n'kuoneka lalifupi. Pamenepo ena amakulangizani kuti mukankhe mphuno pansi kuti mabuleki agwire. Bodza. Mukatero mwachotsa kulemera pa magudumu akumbuyo, omwe ndi amene ali ndi mabulekiwo, ndipo ndege yasanduka wilibala. Ndikubwerezanso: kokani, musakankhe.

Ikayamba kudumpha ngati chule, mphuno kenaka magudumu, mphuno kenaka magudumu, musalimbane nayo. Ikani mphamvu yonse, nyamukani, mukayesenso. Kudumpha kulikonse kumaposa kunzake.

Pulopela ikangokhudza dothi, injini imayenera kuphwasulidwa kuti aiunike. Mwa kuyerekeza kwanga, konzani madola 20,000 kapena kupitirira, osawerengera makaniko wochokera ku Lusaka ndi mlonda wogona pansi pa phiko milungu ingapo, makamaka ngati mvula yatseka misewu.