Dzuwa lawala ku Brighton, bwanji kukuzizirabe?

Funso: Ndimakhala ku Brighton. Malichi wafika, dzuwa likuwala, koma kukuzizirabe. Kodi ndisiye kuvala jekete?

Yankho: Musafulumire. Nyanja imachedwa kutentha kuposa mtunda, moti madzi a English Channel, nyanja imene Brighton ili m'mphepete mwake, amazizira kwambiri mu Febuluwale ndi Malichi, osati mu Disembala, ndipo mphepo yochokera kunyanjako imalowa ndi chisanu chimenecho m'misewu ngakhale dzuwa litawala. Mwina munena kuti eni dera ayamba kale kuvala makabudula. Zoona, koma matupi awo anazolowera. Lamlungu lomaliza la Malichi mawotchi amasunthidwa ola limodzi kutsogolo, kumada mochedwa, komabe nyanjayo imakhala isanafunde. Valani zovala zopyapyala zingapo zoti muzivula masana, ndipo jekete yotchinga mphepo musaisiye kunyumba mpaka Meyi.