Mwana Sakumva Kugunda kwa Ndakatulo za Chingerezi

Funso: Mwana wanga akukonzekera mayeso a ZIMSEC koma iambic pentameter yamuzunguza mutu. Ndimuthandize bwanji? Mayi wa ku Mabvuku, Harare.

Yankho la mphunzitsi: Amayi, vuto lagona pa khutu. Chichewa ndi Chishona zimakweza ndi kutsitsa liwu, pomwe Chingerezi chimatsindika maphatikizo ena. Iamb ndi maphatikizo awiri, lofooka kenako lamphamvu, monga m'mawu akuti today. Iamb ikabwerezedwa kasanu imapanga iambic pentameter, mzere wa maphatikizo 10, muyeso womwe Shakespeare ankaukonda, ngakhale nthawi zina ankauswa dala.

Mwanayo aziwerenga mokweza, akuwomba m'manja pa phatikizo lamphamvu, n'kulichonga ndi pensulo. Akakayika, mtanthauziramawu amasonyeza potsindika. Pakatha milungu ingapo asakumvabe kugunda kasanu, akapemphe mphunzitsi wake amuwerengere mayeso asanayandikire.