Womasulira pakati pa foni ndi kompyuta ya banki

Kale mlimi wa pa Khombedza akafuna ndalama zake za thonje zomwe zili kubanki, ankakwera minibasi mumsewu wa M5 mpaka paboma pa Salima. Lero amene ali ndi akaunti ku National Bank amangodina *626# pa kafoni ka mabatani, n'kusamutsira ndalamazo ku Airtel Money kapena ku Mpamba, kenako n'kukatapa kwa ejenti pamsika. Kodi kafoni kameneka kamamvana bwanji ndi banki?

Banki imasunga mabuku a makasitomala onse m'kompyuta yaikulu. Kampani ya foni nayo ili ndi kompyuta yakeyake, ndipo ziwirizi zimalemba zinthu mosiyana. Pakati pawo anaikapo pulogalamu yaing'ono yogwira ntchito ya womasulira. Mukadina nambala yanu yachinsinsi ndi kuchuluka kwa ndalama, womasulirayo amakonza uthengawo m'njira imene kompyuta ya banki imamva. Kompyutayo imaona ngati ndalama zikukwana, imachotsera m'buku mwanu, n'kuyankha kuti zatheka. Yankholo likabwerera, kampani ya foni imaonjezera ndalamazo kwa inu n'kukutumizirani uthenga. Palibe ndalama yapepala imene yayenda. Chayenda ndi mawu okha.

Wina angati, bwanji osataya makina akale n'kugula atsopano omvana okha? Kutero kumadya ndalama zambiri, ndipo posamutsa mabuku a anthu onsewo china chingasokonekere. Nkhokwe yolimba saigwetsa chifukwa chosowa makwerero; amangosema makwerero. Nzeru yomweyi ndi imene inabala National Switch mu 2015. M'malo moti banki iliyonse ilumikizane payokha ndi inzake iliyonse, onse amakumana pamalo amodzi n'kugawana mtengo wake. N'chifukwa chake khadi la banki ina limatapa ndalama pa makina a banki ina.

Wina angatinso, nanga netiweki ikadukira panjira, ndalama zachoka kubanki koma pafoni sizinafike? Zimenezi zimachitikadi, ndipo zimapweteka munthu amene akudikira kugula ufa. Komabe kutumiza kulikonse kumakhala ndi nambala yake imene imalembedwa mbali zonse ziwiri. Akafananitsa mabukuwo, ndalama yosowayo imaoneka pamene yaima, ndipo mwiniwake akadandaula amakhala ndi umboni. Ndalama yogwa m'thumba paminibasi ilibe umboni wotere. Choncho musafufute uthenga wobwera pafoni, chifukwa ndiwo risiti yanu. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale ejenti, pakuti womasulira uja saona nkhope. Aliyense wodziwa nambalayo amamutenga ngati inuyo.

Mafunso
1. Kodi womasulira amagwira ntchito yanji?
2. N'chifukwa chiyani kuika womasulira kuli kotchipa kuposa kugula makina atsopano?
3. Kambiranani zimene mungachite ndalama zikachoka kubanki koma osafika pafoni.