Phunziro: Kodi Masamba a Mitengo ya Zipatso Amachizadi?

Ambiri a ife tinakula tikuona agogo akuwiritsa masamba a mpoza kapena nthudza munthu akadwala pakhomo. Lero tione m'mene akatswiri amafufuzira mphamvu ya masambawa.

Poyamba amawaumitsa, kuwasinja ndi kuwaviika m'madzi kapena mu spiriti. Madziwo amawayesa pa tizilombo toyambitsa matenda mu labotale, kenako pa makoswe, pomaliza pa anthu odzipereka. Tsamba likhoza kupha tizilombo mu labotale koma n'kulephera m'thupi la munthu, mwinanso n'kumuvulaza.

Mu 1999 madokotala a pachilumba cha Guadeloupe anapeza kuti odwala ambiri a nthenda yofanana ndi ya Parkinson ankakonda kudya zipatso ndi kumwa tiyi wa masamba a mitengo ya mtundu wa Annona. Mpoza wathu ndi wa mtundu womwewo, choncho tisazolowere kumwa masamba ake.

Masamba a mlambe ndi ndiwo zabwino, ali ndi calcium wolimbitsa mafupa. Koma mwana akatsegula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Zokambirana: Ndi masamba ati amene timamwetsa ana kwathu kuno, ndipo muyeso wake anatiuza ndani?