KUNENEPA, MPHAMVU YA MTIMA NDI MAGAZI ANU

Kwa makolo a ku Lupembe ndi midzi yozungulira

Ambiri a ife timati kunenepa ndi chizindikiro cha kupeza bwino. Koma thupi likanenepa kopitirira muyeso, magazi amasintha mwakachetechete, munthu osamva ululu uliwonse. Pakati pa 2013 ndi 2016, bungwe la kafukufuku la MEIRU linayeza akuluakulu oposa 13,000 m'dera la Chilumba, m'boma lathu lino la Karonga. Linapeza kuti amayi 27 mwa 100 alionse, ndi abambo 9 mwa 100 alionse, anali olemera kuposa muyeso woyenera msinkhu wawo.

Kodi magazi amasintha motani?

1. Shuga amachuluka, chifukwa thupi silimveranso bwino insulini.
2. Mafuta otchedwa triglycerides amakwera.
3. Mafuta abwino, a HDL, amene amachotsa mafuta oipa m'mitsempha, amachepa.

Pang'onopang'ono mitsempha ya magazi imaphinjika. Mapeto ake ndi matenda a mtima kapena kufa ziŵalo.

Mtima wolimba ndi chitetezo

Munthu wa mtima ndi mapapo olimba amayenda mtunda wautali kapena kupalasa njinga osatha mpweya msanga. Minofu ikamagwira ntchito imadya shuga ndi mafuta a m'magazi; motero shuga ndi triglycerides zimatsika, ndipo HDL amakwera. Zimenezi zimachitika ngakhale sikelo isanasinthe. Mu 1999 ofufuza a ku Cooper Institute ku Dallas, m'dziko la America, anapeza kuti amuna ochepa thupi koma a mtima wofooka ankafa msanga kuposa amuna onenepa a mtima wolimba. Tsono musataye mtima ngati makilogalamu sakutsika.

Dziŵani, komabe, kuti mafuta oipa, a LDL, satsika kwenikweni ndi maseŵera okha. Pafunikanso kusamala zakudya.

Zoyenera kuchita

1. Yendani mwandawala mphindi 30 patsiku, masiku 5 pamlungu. Zonse pamodzi ndi mphindi 150, monga limalangizira bungwe la WHO.
2. Liŵiro loyenera ndi loti mukhoza kulankhula koma osatha kuyimba.
3. Kuno kumatentha, yendani m'mamaŵa kapena madzulo, ndipo imwani madzi.
4. Ntchito ya kumunda ikatha, musangokhala. Pa ulendo waufupi yendani pansi kapena palasani njinga m'malo mokwera njinga yamoto.
5. Chepetsani zokazinga, nyama yonona, mchere ndi zakumwa zotsekemera. Idyani usipa, nyemba ndi masamba.
6. Pitani kuchipatala akakuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mufunse za kuyeza mafuta a m'magazi.

Chenjezo: mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire poyenda, lekani pomwepo ndipo kaonaneni ndi dokotala. Amene muli pa mankhwala musawasiye.

Kumbukirani: sikelo imayeza kulemera kokha. Za mtima wanu, amene amanena zoona ndi magazi.