Kompyuta ya Kaunjika Ikafuna Mawu Achinsinsi

Makompyuta ambiri a m'sukulu zakumidzi ndi a kaunjika, ndipo ena amabwera atakiyidwa ndi eni ake akale. Pasukulu ina kufupi ndi Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndidapeza atatu akungotuwa ndi fumbi, ophunzira akulimbirana imodzi. Ukawayatsa ankafuna mawu achinsinsi Windows isanatseguke n'komwe. Loko wotere amakhala mu BIOS, choncho kufufuta Windows n'kungotaya nthawi.

Zulani waya wa magetsi, mutsegule bokosi, ndipo mukhudze chitsulo chake musanagwire zam'kati. Pa motherboard pali kabatire konga ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Kachotseni, dikirani mphindi 10, kenaka kabwezereni. Makina ena amaiwala mawuwo pomwepo.

Koma a Dell ndi HP ambiri ndi ouma mutu. Pamenepo funani tizitsulo tolembedwa PSWD, tovekedwa kachipewa kapulasitiki. Vulani kachipewako, yatsani kompyuta, izimitseni, zulaninso waya, n'kubwezera kachipewa. Ine ndimayambira pomwepa.

Mukachotsa kabatire, konzaninso tsiku ndi nthawi. Pa laputopu njirazi sizigwira kawirikawiri.